Mawindo a Galimoto ya Atate

Kapata, Chipata
14 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija likukulolani kupita kudimba? Tamiwe anandiuza kuti mwezi watha munalephera kupita ku Misa milungu iwiri chifukwa cha ilo. Ife kuno tili bwino. Mpongozi wanu Esther akusokabe pakhonde la sitolo ija, ndipo mdzukulu wanu chifuwa chinamusiya, wayambanso kudya. Kutentha ndiye kwatikwana. Magetsi nawo akumazima m'mawa n'kuyaka madzulo, moti ku galaja ntchito zambiri tikugwira ndi manja.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Foni ya Tamiwe ikalira, pakhomo ponse pamamva zomwe tikukambirana, ndipo nkhani iyi ndikufuna muyambe mwaimva inu nokha. Ndapatsira a Mainess ogulitsa mtedza aja, ndawapempha kuti akupatseni m'manja. Muwerenge mutakhala pansi.

Lolemba la sabata yatha ku galaja kunabwera galimoto yakale ya nambala ya ku Malawi. Ndi zija amayendera azungu okaona nyama ku Mfuwe, zokhala ndi bedi, kabati ndi kasitovu mkati. Tinaimva isanakhote n'komwe pageti, chifukwa mawindo ake ankagwedera ngati mabotolo m'kireti. Munatsika mkulu woonda kwambiri, wandevu zoyera, atavala jekete kutentha konseku. Anauza abwana anga a Samson kuti injini ilibe vuto, akungofuna munthu wokonza mawindo. A Samson anaitana ine, poti zamagalasi ndi zanga.

Mawindo ake ndi anayi, okankhira cham'mbali ngati a minibasi. Galasi limayenda m'kangalande kachitsulo, ndipo m'menemo mumakhala malabala oligwira kuti lisasewere. Malabalawo anali atatha kalekale. Pofuna kuchepetsa phokoso, mkuluyo anali atapanikiza timapepala topindapinda m'mphepete mwa galasi lililonse.

Ndinayamba ndi windo lakumbuyo. Mkuluyo anakhala pa tayala pamthunzi n'kumandiyang'ana. Anandifunsa kwathu, ndinati ku Kasenengwa. Anafunsa ngati amayi anga ali moyo, ndinati alipo. Ndinkangoti ndi macheza a achikulire.

Pochotsa timapepala tija, ndinaona kuti limodzi ndi lachipatala. Ndinalitambasula kuti ndione ngati lili lofunika ndisanalitaye. Dzina lolembedwapo linali Fulansisi Tembo, ndipo pansi pake panali dzina la mudzi wathu.

Amayi, atate ankachoka ine ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Munthu amene ndimamukumbukira ankanyamula yekha belo la thonje kuliika pangolo. Uyu jekete inkamulemera. Ndinayang'ana dzanja lawo lamanzere, ndipo chala chija chinadulidwa ndi unyolo wa ngolo panalibe. Ndinawafunsa ngati akundidziwa. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Ndikukudziwa, Sankhani. Ndakhala masiku atatu pa boda ya Mwami ndikuopa kubwera kuno."

Ndinaika zitsulo pansi n'kutuluka pageti, ndipo tsiku limenelo sindinabwererenso. Ndinayenda mpaka kumsika, n'kuzungulira osagula kanthu. Mumtima munali mawu ambiri amene ndakhala ndikuwasungira zaka makumi awiri, koma nditawaona mmene alili, palibe ngakhale amodzi amene anatuluka.

M'mawa mwake ndinapeza galimoto ili pomwepo. Anagona momwemo, atatseka ndi bulangeti pamene ndinachotsa galasi. A Samson ananditengera pambali n'kundiuza kuti chibale ndi fupa, sichiwola. Ndinawayankha kuti mwambi umakoma kwa amene sanasiyidwe. Komabe windo ndinali nditalimasula ndine, ndipo sindikanalisiya choncho.

Pepala lija ndinakalionetsa kwa namwino wina amene timapemphera naye mumphakati mwathu. Anandiuza kuti ndi khansa ya kummero. Lachinayi ndinawatengera kuchipatala, ndipo adokotala anati matendawo apita patali, chimene chatsala ndi mankhwala ochepetsa ululu. Masiku sanatchule. Anangonena kuti ngati pali abale ofuna kuwaona asadikire mvula. Chakudya cholimba sichikudutsa. Esther akumawaphikira phala lamadzimadzi, ndipo kapu imodzi amamwa kuyambira m'mawa mpaka masana.

Andifotokozera za moyo wawo pang'onopang'ono, ine ndikugwira ntchito. Akuti ku Lilongwe ankayendetsa mzungu wina wokalamba, ndipo pobwerera kwawo mzunguyo anawasiyira galimotoyi. Mayi uja anakakhala naye atatisiya anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Maliro atatha, abale ake anatenga nyumba, poti malo anali a kuchikazi. Kuyambira pamenepo atate akhala akugona m'galimotomu, lero apa mawa apo, kumanyamulira anthu katundu. Sindikulemba izi kuti ndiwaikire kumbuyo. Iwonso sanadziikire kumbuyo. Anati anakulakwirani, ndipo palibe chifukwa chimene angapereke chimene chingamveke.

Ntchito ya mawindoyi yandivuta kuposa mmene ndinkaganizira. Malabala a mtundu umenewu muno mu Chipata mulibe, choncho ndinakachotsa pa minibasi yakufa n'kumawadula ndi lezala kuti akwane. Kangalande kalikonse ndinakapala dzimbiri ndi burashi yawaya, kukatsuka ndi palafini, kenako kumata malabala ndi guluu. Zotsekera zinali zitapindika, ndaziwongola ndi kusintha zomangira zake. Pomaliza ndimapaka kandulo m'mphepete kuti galasi liziyenda mosavuta. Poika galasi pamafunika anthu awiri, wina mkati wina kunja. Pa windo loyamba atate anakakamira kuti agwire ndi iwo. Tinagwira galasi limodzi, iwo mbali iyo ine mbali iyi, nkhope zathu zitayandikana. Pa lachiwiri anagwira movutikira. Pa lachitatu anayesa kuimirira koma analephera, moti anandigwirira ndi a Samson.

Ndinawafunsa chifukwa chimene akuvutikira ndi mawindo pamene thupi lili chonchi. Anati fumbi la mumsewu likalowa amatsokomola mpaka magazi. Anawonjezera kuti safuna kulowa m'mudzi ndi phokoso lotulutsa anthu m'nyumba kuti adzaone amene wabwera. Akufuna kufika mwakachetechete. Apa m'pamene ndinadziwa kumene ulendo wawo ukulowera.

Tsono pempho langa ndi ili, Amayi. Atate akufuna kubwera kumudzi. Akuti sakupempha kulowa m'nyumba mwanu, sakupemphanso kuti muziwaphikira kapena kuwachapira. Akuti galimotoyi ili ndi bedi, angathe kuiimika kuseri kwa khola n'kumagona momwemo. Chimene akufuna n'chakuti tsiku likafika akagone pafupi ndi makolo awo, ndiponso akuoneni kamodzi akadali okhoza kulankhula. Mawu ayamba kale kusasa.

Ine sindinawalonjeze kanthu. Ndinawauza kuti pakhomo paja mwini wake ndinu. Sindinaiwale chaka cha njala chija, pamene munkatiuza kuti mwadya kale kwa azakhali, chonsecho simunadye. Sindinaiwale mmene munkalimira nokha munda wa thonje Tamiwe ali kumbuyo, kapena mmene anthu ankakunenerani pachitsime. Ngati mtima wanu ukana, palibe amene angakuweruzeni, ndipo ine ndidzakhala woyamba kukuikirani kumbuyo. Takambirana kale ndi Esther, wavomera kuti akhale nafe kuno mpaka mapeto. Ansembe a kuno abwera Lachisanu kudzawadzoza mafuta a odwala.

Ine mwini sindikudziwa chimene ndikufuna. Tsiku lina ndimawayang'ana n'kupsa mtima mpaka kulephera kugwira chitsulo. Tsiku lina ndimapezeka ndikuwapukuta pakamwa. Dzulo mdzukulu wanu anawakwera pamiyendo n'kumawakoka ndevu, iwo akuseka popanda mawu, ndipo ndinatuluka panja chifukwa sindinafune kuti Esther aone nkhope yanga.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kuulula kwa inu. Windo lachinayi sindinalikonze. Malabala ake ndinadula kale, ali m'bokosi langa la zitsulo, ndipo ntchito yake siingandithere theka la tsiku. Koma atate anati mawindo akangotha anyamuka, ine ndiwayendetse kapena ayendetse okha. Choncho ndinawanamiza kuti malabala aperewera, ndaitanitsa ku Lusaka. M'mawa uliwonse amafunsa ngati basi yafika nawo. Lero sanafunse. Anangondiyang'ana n'kunena kuti ndisafulumire, ntchito yabwino imafuna nthawi. Ndikuganiza kuti adziwa.

A Mainess abwereranso kuno Loweruka. Simufunika kulemba zambiri. Mungowauza kuti atate abwere, kapena asabwere, ndipo ine ndidzachita monga mwanena. Chonde musapitirire Loweruka, chifukwa sindikudziwa ngati sabata inayo adzatha kupirira msewu.

Mupereke moni kwa amalume a Gideon ndi akumpanda awo, koma nkhaniyi musawauze mpaka mutaganiza nokha, mukudziwa mmene amapsera mtima. Moni kwa azakhali, kwa Tamiwe ndi alamu anga, ndi ana onse. Tamiwe sakuwakumbukira n'komwe atate, ndiye mukamamuuza mumuuze mofatsa. Esther akuti mafuta opaka pabondo ali m'kathumba kamene kabwera ndi kalatayi.

Atate anandiona ndikulemba, ndipo anati ndikupatseni moni. Ndinawafunsa kuti ndilembe kuti moniyo wachokera kwa ndani. Anati ndisalembe kuti amuna anu, chifukwa dzina limenelo analitaya okha. Anati ndingolemba kuti Fulansisi.

Ambuye akusungeni, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Sankhani