Phiri lanu la pakhoma

Amayi anga, kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ndine Esinala. Ndikulemba Lachinayi masana, sabata yoyamba ya Disembala, nditakhala pansi pa mtengo wa mango uja, pomwe munkaima mutatsinzina diso limodzi n'kumayang'ana khoma. Kuno tilipo. Chaka chino tinakolola matumba asanu ndi awiri a chimanga, nandolo thumba limodzi ndi theka. Mdzukulu wanu Tadala anabereka mwana wamkazi ku Nguludi mu Ogasiti, ndipo tinamutcha dzina lanu. Zala zake n'zazitali ngati zanu. Koma mtima wanga suli m'malo, n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Nkhani ndi ya phiri lanu la pakhoma. Mwa zonse zimene munajambula, latsala ndi limeneli basi. Dambo ndi ng'ombe zija za mu tiyirumu ya pa Boma anazipaka penti wachikasu, pano akugulitsiramo mafoni. Zithunzi za pamatabwa zomwe munkapita nazo ku Limbe pa minibasi zinapita ndi ogula, sindikudziwa zapachikidwa m'nyumba za ndani. Anthu amangokumbukira mzimayi wokwera makwerero atamanga chitenje ngati kabudula, amuna akuseka pansi, inu n'kuwauza kuti, "Musangoti kukamwa yasa, gwirani makwererowa. Ndikagwa ndigwera inuyo."

Khoma lathuli munkalijambula ndi za pansi zokha: katondo wofiira, makande akuda, phulusa, masamba a nyemba osinja. Khirisimasi ikamayandikira, azimayi onse akamazira nyumba zawo, inu munkafafaniza phiri la chaka chatha n'kujambula lina. Ndili mwana ndinkalira. Inu munkati, "Iwe Esinala, ukulira maliro a ndani? Phirilo silo liri apolo, silinasamuke. Tenga ndowa ukatunge madzi."

Komatu Amayi, phirilo linasintha. Mvula yoopsa ija inagwa inu mutapita kale. Mbali imodzi inagumuka, ndipo tsopano lili ndi chipsera chofiira kuchokera pamwamba mpaka m'minda. Lathunthu latsala pakhoma panu pokha. Mayi a Fanuelo, anzanu a kwaya aja, munda ndi nyumba yawo zinapita ndi matope. Lamulungu akaweruka kutchalitchi amadutsira pano, amaika chala pakhoma n'kuti apa ndiye panali pathu. N'chifukwa chake Khirisimasi ziwiri zadutsa ndikuzira makoma atatu, ili n'kumalidumpha.

Mu Januwale achimwene Luka, pofuna kuthandiza, anabwera ndi pulasitiki wakuda n'kumukhomera pakhoma kuti mvula isafike pa chithunzi. Tonse tinati achita bwino. Dzana ndinavundukula kuti ndione. Amayi, khoma la dothi limapuma, ife tinalitseka mphuno. Kunsi konse kwachita chuku, chiswe chakwera mpaka pakati pa phiri, ndipo nditangokhudza pang'ono, chibenthu chachikulu ngati mbale chinagwera kumapazi kwanga.

Kuyambira pamenepo sindikukhazikika. Ndikagwira khasu ndimalisiya mzere uli pakati. Ndikapita kumjigo ndimabwerako ndowa isanadzaze. Khomali ndikalisiya chonchi, mvula ikakhwima ligwa, ndipo kuseri kwake ndi komwe kumagona Tadala ndi khanda. Ndikalizira, ndiye kuti dzanja lanu ndalikwirira ndekha. Nanga ndikati ndijambule, ndijambule phiri liti, lanu lija kapena ili ndikulionali? Ndayesa pakhoma la khitchini kusakaniza mtundu wotuwa uja, wa phiri likakhala mu utsi wa Okutobala. Wanga ukutuluka ngati phala logona. Munkathiramo chiyani? Zaka zonse zija ndinkangotunga madzi, osafunsa.

Dzulo ndinapita kukawauza mayi a Fanuelo. Ndinkaopa kuti alira. Iwo anangotenga khasu n'kutsogola. Tinakwera mpaka pomwe panali munda wawo, ndipo tinakumba katondo pamenepo. Ndi wofiira kuposa uja munkakumba kuseri kwa sukulu. Anandisenzetsa okha. Pano katondoyo ali m'ndowa pakhonde, ndamunyika.

Ndiye Loweruka m'mawa ndizira. Ndijambula lomwe ndikuliona, pamodzi ndi chipsera chake, chifukwa inu simunajambulepo phiri musanatuluke panja kukaliyang'ana. Pakona ya pamwamba, kunsi kwa denga komwe mvula sifika, pali kamtambo kaja munakapanga ndi chala chachikulu. Ako kokha ndikasiya.

Langa likaoneka ngati chulu, musandiseke kwambiri kumeneko. Ndikulonjeza kuti Khirisimasi ya chaka chamawa ndidzalifafaniza ndekha n'kuyambanso, ngakhale ndilire.

Ndine mwana wanu wokukondani, wotunga madzi uja,
Esinala