Akuti Anandipeza pa Khonde

Kabwata, Lusaka
9 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali a Zuhula,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani bwino kumeneko ku Namwera. Kuno kwayamba kutentha, magetsi nawo akungobwera mwa apo ndi apo, koma tilipo.

Munandifunsa pa foni za chionetsero cha zovala cha mwana wanga Laila, ine ndinangoti zinayenda bwino chifukwa mwini wakeyo anali pafupi. Ndaona kuti ndichite kulemba.

Ndiyambe ndi chilungamo: kampani ya Laila si yachinyengo. Zovala timasoka ndi zidutswa za nsalu zimene mafakitale amataya, komanso kaunjika wotsala pa msika, amene kuno amati salaula. Utoto amaphika ndi makoko a anyezi ndi njere za mapeyala, madzi ake n'kuthirira ndiwo zamasamba kuseri. Amayi amasiye a ku Chunga amene anawalemba ntchito amaweruka dzuwa likadalipo, ana awo amamwa phala pomwepo, ndipo palibe amene amakalipiridwa. Ine ndimadula nsalu ndi kuwaphunzitsa kusoka. Ndinkanyadira ndithu.

Chionetserocho chinali Loweruka, pa kapinga wa nyumba ina yaikulu ku Kabulonga. Ndinavala mkanjo wanga wa pa Idi ndi kofia yatsopano. Nditangolowa, Laila anandikokera kuseri.

"Dadi, vulani iyi. Valani epuloni na tepi mu khosi, bantu bafuna kuona matelala."

Ndinavula. Ndinati mwana akudziwa ntchito yake.

Atsikana atatha kuonetsa zovala, iye anatiitana osoka tonse kutsogolo n'kuyamba kutitchula mmodzimmodzi. Ankalankhula Chizungu, koma paja ndinasokera amwenye ku Kamwala nthawi yaitali, ndimachimva. Atafika pa ine anandigwira phewa, amvekere, "Awa ndi ba Ayuba. Ndinawapeza pa khonde pa msika wa Kabwata, makasitomala atawathawa chifukwa cha salaula. Lero ali ndi ulemu wawo."

Anthu anaomba m'manja. Ndinadikira kuti anene kuti ndine bambo ake. Anapita kwa wotsatira.

Achemwali, khonde limenelo mukulidziwa. Mayi ake atamwalira, ndi pamene ndinkamugoneka pa mulu wa zidutswa ine ndikupalasa makina. Diresi lake loyamba la zigamba ndinasokera pamenepo, moti anzake kusukulu ankamuseka. Sanandipeze pa khonde lija, anakulirapo.

Salifyanji, mayi amene amasoka moyandikana nane, anandinong'oneza kuti, "Ba Ayuba, osayangana pansi, bali kukopa zithunzi." Ndinadzutsa mutu n'kumwetulira.

Pobwerera tinali awiri m'galimoto yake. Titadutsa Woodlands, anayamba yekha.

"Dadi, musakalipe. Nikakamba kuti ndimwe batate banga, bazaganiza nalemba chabe bachibale nchito. Bantu bogula bafuna nkhani yogwila mutima."

Ndinati, "Nanga yoti unakulira pa zidutswa siyogwira mtima?"

"Ija ni yanga. Sinifuna banimvelele chifundo."

Ndiye chifundocho anaona kuti chikuyenera ine.

Lolemba ndinapita ku ntchito monga mwa masiku onse. Masana kunabwera alendo ochokera kunja, ofuna kuona ngati antchito tikusamalidwa asanayambe kugula katundu. Mayi wina wa tsitsi la imvi anaima pa tebulo langa n'kundifunsa mwaulemu ngati Madamu Laila asintha moyo wanga. Laila anali kumbuyo kwake, maso ali pa ine. Pambali panga amayi aja makina anali ataimitsa, ndipo ndinadziwa kuti phala la ana awo likudalira pakamwa panga.

Ndinati, "Kwambiri."

Mayiyo anasangalala, katundu akuti agula. Madzulo Laila ananditumizira nyama ya mbuzi ndi dalaivala. Iye sanabwere.

Tsono ndili ndi pempho. Mundionereko chipinda cha kuseri kwa nyumba ya malemu bambo, ngati denga lake likadali lolimba. Mufunsenso ngati pa Namwera pali malo a telala wokalamba. Sindinatsimikize, ndipo Laila sindinamuuze. Salifyanji wayamba kudula bwino, mvula ikamafika adzakhala atatha kuima payekha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti mdzukulu wawo anaoneka pa wailesi ya kanema, anthu akuluakulu akumuombera m'manja, ndipo amasiye ambiri akudya chifukwa cha iye. Zonsezi n'zoona. Zinazi zikhale za inu ndi ine. Akafunsa ngati Laila wapereka moni, muwauze kuti wapereka.

Ndine mlongo wanu,
Ayuba