Msilikali wa M'buku ndi Mwamuna Wanga

Khwethemule,
Thyolo.

Okondedwa alamu a Lestina,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Kasungu, inu ndi abambo ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno matupi ali bwino. Lisa akupita kusukulu, amayi chifuwa chija chinaleka, ndipo tiyi waphuka ndi mvulayi moti madengu akufika pasikelo panga ali tho.

Koma tulo ndilibe, alamu. Chondisowetsa tulo si matenda ayi, ndi pakamwa pangapa. Ndayesa kukuimbirani, koma foni ikangoyamba kuitana ndimadula, podziwa kuti ndingolira osanena kanthu. N'chifukwa chake ndalemba. Kalatayi ndapatsira a Douglas, dalaivala wa pa esiteti pano, amene atumidwa kumeneko.

Alongo anu a Lackson, abambo a Lisa, achoka pakhomo pano. Ndikuuzani mmene zayendera, ndipo sindidzibisa.

Kuofesi kwathu kunabwera buku. Anabwera nalo ndi a Reginald, manijala wamng'ono amene anachokera ku Lilongwe. Ndi la Chingerezi, lonenepa ngati njerwa, pachikuto pali helikopita ndi moto. Akuti wolemba wake ndi wotchuka dziko lonse. Nkhani yake ndi ya kagulu ka asilikali kosaka zigawenga zimene zinaba anthu, ndipo mtsogoleri wawo ndi kaputeni wina wosaphonya akawombera.

Bukulo linayenda m'manja mwa anthu mpaka chikuto chinathothoka. Pa nthawi ya tiyi pakhonde la ofesi nkhani inali yomweyo. A Reginald ankati wolembayo ndi katswiri, mfuti iliyonse amaitchula dzina, ndipo munthu ukaliyamba umaiwala kudya. A Enid, aphunzitsi a kupulaimale amene amabwera kudzatchaja foni, ankawatsutsa. Amvekere buku lanji limene asilikali ake satsegula m'mimba, sachapa, sapemphera, ndipo akazi ake ntchito n'kulira pawindo basi. A Douglas Chingerezi chimawavuta, ankangofotokozeredwa, koma ndi amene ankakuwa kwambiri kuti kaputeniyo ndi dolo, akanakhala kuno akuba nkhuni m'nkhalango ya esiteti akanatheratu.

Ine ndinalikonda, alamu. Ndinaliwerenga ngakhale pa Sabata masana, nditalibisa kunsi kwa buku la nyimbo. Mulungu andikhululukire.

Mukudziwa kuti chibwerereni kunja kuja, n'kusiya usilikali n'kuyamba ukapitawo wa alonda, alongo anu sananenepo chilichonse cha kumeneko. Ndikafunsa, ankangoti kunali kotentha. Ndikafunsanso, ankatuluka kukaona mbuzi. Ndiye mmene ndinkawerenga, ndinkaona ngati chitseko chimene ananditsekera chatseguka. Kaputeni uja ndinamuveka nkhope ya abambo a Lisa.

M'bukumo muli chaputala chimene anthu anakangana nacho kwambiri. Magalimoto a asilikali ali paulendo, ndipo m'mbali mwa msewu mwaima mayi atanyamula mwana wovulala, akubayibitsa kuti aime. Lamulo ndi loti asaime chifukwa zigawenga zimatchera msampha choncho. Kaputeniyo akuima, akuzindikira pamene zabisala, akuzipha zonse, n'kupulumutsa mayiyo ndi mwana wake. A Reginald ankati apo ndiye pali mtima wa buku lonse. A Enid ankati ndi bodza, palibe msilikali weniweni angachite zimenezo n'kutuluka wamoyo.

Kenako onse anatembenukira kwa ine, amvekere iwe Fainess uli ndi msilikali m'nyumba, iyeyo akuti chiyani?

Ndikanangonena kuti sayankhula. Koma ndinachita manyazi kuti anthu adziwe kuti mwamuna wanga sandiuza zakukhosi. Ndinati abambo a Lisa akuti n'zoona ndithu, ndipo iwonso anaimapo choncho n'kupulumutsa mayi ndi mwana. Bodzalo linangotuluka. Nditaona mmene a Reginald anandiyang'anira, ine kalaliki wa pasikelo, tsiku lina ndinawonjezeranso zina.

A Enid anakonza zoti onse amene anawerenga tikumane Lamulungu masana m'kalasi mwawo, aliyense anene maganizo ake, ndipo anati ndibwere ndi abambo. Kunyumba ndinangowauza kuti anzanga a kuntchito akonza kamacheza, kuli Fanta ndi mandasi. Anakana. Ndinawanyengerera kuti anthu amati ndinakwatiwa ndi munthu wodzikonda. Anasita shati yawo yoyera ija n'kunditsatira.

Poyamba zinkayenda bwino. A Enid anati wolembayo amatalikitsa pakati kuti buku linenepe, a Reginald n'kuwayankha kuti aphunzitsi amafuna buku lililonse lithe ndi phunziro ngati la sitandade 4. Anthu anaseka. Ndinaona alongo anu akumwetulira pang'ono, mtima wanga n'kukhala m'malo.

Kenako a Reginald anaimirira, n'kunena kuti lero tili ndi mwayi, kaputeni wathu wa ku Thyolo ali pompano. Anafotokoza chaputala cha pamsewu chija chonse, n'kumaliza ndi kuti mayi akunyumba atiuza kale kuti inunso munaima n'kupulumutsa mwana, tsono timve kuchokera kwa eni ake. Anthu anaomba m'manja. A Douglas anakuwa kumbuyo kuti bwana musatibisire, munagwetsa zingati tsiku limenelo?

Alamu, alongo anu sanayang'ane a Reginald kapena a Douglas. Anayang'ana ine.

Anaika botolo pansi bwinobwino. Anayankhula motsitsa, moti a kumbuyo anachita kusendera. Anati iwo kumeneko ankayendetsa galimoto ya madzi. Anati mayi wa pamsewu anamuonadi, atavala chitenje chobiriwira, mwana ali m'manja mutu uli lende. Mayiyo anathamangira galimoto yawo chifukwa ndi imene inali yomaliza, mpaka anamenya chitseko ndi chikhatho. Lamulo linali loti asaime, ndipo sanaime. Anati mpaka lero sadziwa ngati unali msampha kapena anali mayi chabe wofuna chipatala, ndipo palibe amene adzawauze.

Kenako anafunsa a Reginald ngati bukulo limanena chimene munthu amachita akamva chikhatho chimenecho nthawi iliyonse wothyola tiyi akagogoda pageti. A Reginald anangoti pepani. A Enid anaphimba kumaso ndi mpango. Alongo anu anathokoza chifukwa cha Fanta, n'kutuluka.

Ndinawathamangira m'kanjira ka pakati pa tiyi. Ndinagwada pamatope pomwepo, anthu akuona. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anandidzutsa, n'kundisansa chitenje. Anati sakundiimba mlandu, mkazi aliyense amafuna mwamuna woti azimutchula pagulu. Anati mwamuna amene ine ndikumufuna ali m'bukumo, ndipo iwo sangapikisane naye chifukwa iyeyo anaima.

Ndinawauza kuti si choncho. Koma ndikanawatsimikizira bwanji, poti pakamwa pomwepa ndi pamene panawasinthanitsa ndi munthu wa papepala?

M'mawa mwake ndinapita kuntchito ndikuganiza kuti tikambirana madzulo. Pobwera ndinapeza amayi atakhala pakhonde, manja ali m'masaya. Akuti alongo anu anakabweza yunifolomu kugeti, anabwera n'kugwada pamaso pawo, n'kuthokoza chifukwa chowasunga pamudzi pano. Lisa anamutsatira kusukulu kukamutsanzika. Foni anaisiya patebulo. Anatenga bulangete lawo, chikwanje ndi khasu limene anabwera nalo tikukwatirana.

Inu mukudziwa mmene kwathu kuno amaonera zimenezi. Mkamwini akapita kokayenda amatenga chikwama. Akatenga khasu ndiye kuti watsanzika. Kumjigo azimayi ayamba kale kundilankhula motsitsa mawu ngati namfedwa. Amalume anabwera, anayang'ana pakona pamene pankakhala khasulo, n'kunena kuti nkhani yadziyankha yokha. Akufuna aitane ankhoswe Lamulungu likubwerali kuti banja lithe mwadongosolo, ndisakhale mkazi wa munthu amene kulibe. Ndinawapempha kuti adikire. Akuti adikira pokhapokha mawu atabwera kuchokera kuchimuna.

Kwanu ku Chimaliro ndinapitako, sanafikeko. A Douglas akuti anawaona kudepoti ku Limbe akukwera basi ya ku Lilongwe, khasu atalikulunga m'thumba la feteleza. A Douglas omwewo chichitikireni izi sakudya bwino, ndipo anachita kupempha okha kuti anyamule kalatayi. Musawakalipire. Mtima wanga ukundiuza kuti alongo anu ali kwa inu, poti ndinu munawalera amayi anu atamwalira, ndipo alibe kwina kumene angakhale chete osafunsidwa.

Pali china choti ndiulule. Atachoka, bukulo ndinalimaliza. Sikuti ndinkalifunanso ayi. Ndinkasaka tsamba limene msilikali wafika kwawo, kuti ndione chimene mkazi wake anachita. Mulibe, alamu. Likuthera pabwalo la ndege, akumuveka mendulo, mkazi akumwetulira m'mizere iwiri. Ndinakalibweza kwa a Reginald. Iwo akuti sakufunanso kuliona, a Enid akuti alisunga kuti asadzaiwale. Pakhonde la ofesi masiku ano timamwa tiyi ngati tili pamaliro.

Kwa abusa ndinapita, ndinaulula bodza langa ndi za Sabata zomwe. Anandipempherera. Koma amene ndinamulakwira sanamve.

Ngati ali kumeneko, musawakakamize kubwera. Mungowauza kuti Fainess akuti sakufuna kaputeni. Akufuna dalaivala wa galimoto ya madzi, yemwe uja sanaime, ndipo ngati chikhathocho chizigogodabe moyo wonse, chizigogoda tili awiri. Muwauze kuti sindidzafunsanso, ndipo akadzafuna kunena okha, zidzathera m'makutu mwangamu. Lisa ndamuuza kuti adadi apita kukaona azakhali. Akundifunsa kuti nanga khasu n'lachiyani, kodi azakhali alibe lawo?

Ndipo inu alamu, amene mumawadziwa kuposa ine, mundiuze zoona ngakhale zikhale zowawa. Kodi athawa ine, kapena athawa maso a anthu a pa esiteti? Ngati ndi maso a anthu, ntchito ya pasikelo ndisiya, nditenge mwana ndibwere kumeneko, ngakhale amalume anene kuti mkazi satsatira mwamuna. Ngati ndi ine, ndiuzeni, ndisavutitse ankhoswe.

A Douglas abwerera Lachinayi. Chonde apatseni yankho, ngakhale mawu ochepa pakapepala, kapena imbirani amalume Sabata lisanalowe. Lamulungu likafika kuli zii, ine ndilibe choimitsira akuluakulu.

Mundiperekere moni kwa abambo, kwa Queen ndi Alesi, ndi onse a pakhomo. Amayi akuti moni. Ambuye akusungeni, ndipo asunge amene ali m'nyumba mwanu amene sindingathe kumufikira.

Ndine mlamu wanu,
Fainess, make Lisa