Nambala Yachikhumi pa Gulu Lathu la pa Foni

KOMITI YOYENDERA ODWALA, CHIGAWO CHA MATERO NDI LILANDA
Msonkhano wachisanu ndi chinayi wa chaka cha 2024

Tsiku: Loweruka, 14 Seputembala 2024
Malo: Chipinda cha Sande Sukulu, kuseri kwa tchalitchi, Matero

Opezekapo (7): Mayi Towera Kachingwe, Wapampando; Mayi Virginia Msiska, Mlembi; Bambo Jameson Gondwe, mkulu wa mpingo; Mayi Philomena Chikopa; Mayi Karen Chalwe; Mayi Kunda Mvula; Bambo Oliver Nyirongo.

Opepesa (2): Bambo Chabwera Ngoma, ali kuntchito, Bambo Dingani Soko, apita ku Chipata.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 14:12, mochedwa ndi mphindi khumi ndi ziwiri chifukwa kiyi wa chipinda anali ndi a kwaya. Mayi Mvula anapemphera. Mayi Chikopa anafika ndi chikwama cha komiti chimene amayendera nacho odwala, ndipo anachiika patebulo la Wapampando m'malo mochiika pamiyendo monga amachitira nthawi zonse.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Zinawerengedwa. Bambo Nyirongo anati odwala amene tinawayendera mu Ogasiti anali 23. Mlembi anatsegula buku nawerenga mmodzimmodzi, ndipo anapezeka 22 monga zinalembedwera. Zinavomerezedwa osasintha kanthu.

3. Dongosolo la zokambirana

Bambo Gondwe anapempha kuti dandaulo lokhudza Mayi Chikopa liyambe kumvedwa. Anati matenda a wodwala wathu mmodzi, amene muno alembedwa kuti wodwala nambala 4, amveka msika wonse wa Lilanda, ndipo lamulo lachitatu la komiti likuti woulula za wodwala achotsedwe tsiku lomwelo. "Ise tabwelera nkhani imodzi chabe, osati vamafoni," anatero.

Wapampando anati dongosolo linatumizidwa masiku asanu apitawo ndipo palibe anadandaula. Linatsatidwa mmene linalili.

4. Phunziro la kasamalidwe ka foni

Analiphunzitsa ndi Mayi Chalwe, amene amakonza mafoni pa shopu yawo ku Matero. Anapempha kuti mafoni onse aikidwe patebulo. Anali asanu ndi awiri.

4.1 Loko. Mafoni atatu analibe loko. Awiri pini yake inali 1234. Pa foni ya Mayi Mvula pini inali yabwino, koma inalembedwa pa kapepala komata kumbuyo kwa foniyo, pamodzi ndi dzina lawo. Iwo anati amatero kuti foni isasokonekere kumene amakatchajitsa magetsi akapita. Mayi Chalwe anati dzina likhale, pini ichoke. Mafoni onse tsopano ali ndi loko wa manambala asanu ndi limodzi, ndipo chaka chobadwa chinakanidwa kukhala pini.

4.2 Zimene apu imapempha. Mayi Chalwe anati apu iliyonse ikamalowa mu foni imapempha chilolezo, ndipo ambiri timangovomera kuti isativute. Mu foni ya Bambo Gondwe munapezeka ma apu atatu a tochi, ndipo imodzi inali ndi chilolezo choona manambala onse ndi zithunzi. Mayi Chalwe anafunsa, "Ba Gondwe, tochi ifuna manambala ya banzanu kuti ibaunikile ku nyumba kwao?" Anthu asanu anaseka. Ma apu onse atatu anachotsedwa, popeza foniyo ili nayo kale tochi yakeyake. Pa mafoni onse tinachotsa ma apu 19.

4.3 Ma apu otseguka. Mayi Chalwe anati pali ma apu amene eni ake amaika poyera malangizo onse amene anawapangira, kuti aliyense wodziwa ntchitoyo awawerenge ndi kuona ngati muli chobisika. Wapampando, amene ndi telala, anati wamva: chili ngati diresi limene wogulitsa akulola kuti ulitembenuze uone msoko. Bambo Nyirongo anati iye sangawerenge malangizowo ngakhale atamupatsa chaka. Mayi Chalwe anati nawonso sangamalize, koma alipo ambiri m'maiko ambiri amene amawerenga, ndipo wosoka amasamala akadziwa kuti diresi litembenuzidwa. Anatchula apu imodzi yotere yotumizirana mauthenga, yabuluu, yaulere, imene ingalowe m'malo mwa yobiriwira ija timagwiritsa ntchito. Koma anachenjeza kuti palibe apu imene ingasunge chinsinsi ngati foni ili m'manja olakwika.

4.4 Kuona amene awerenga. Mayi Chalwe anasonyeza kuti wotumiza uthenga pa gulu akaudina kwa kanthawi amatha kuona maina a onse amene auwerenga, ndi nthawi yake. Mlembi sankadziwa zimenezi. Anayesa pa mauthenga ake anayi, nawerenga maina kawiri, ndipo anapempha kuti apatsidwe mpata pa mutu wotsatira.

5. Dandaulo lokhudza Mayi Chikopa

Bambo Gondwe anapereka mfundo zitatu. Mayi Chikopa ndiwo anayendera wodwala nambala 4 Lachiwiri pa 3 Seputembala. Mayi Chikopa amagulitsa kapenta mu msika wa Lilanda. Pofika Lachinayi, mayi wina wogulitsa makala anaimitsa mwamuna wa wodwalayo n'kumupepesa, akutchula matendawo ndi dzina lake. Kuyambira pamenepo banjalo latitsekera chitseko, ndipo wodwala wakhala masiku khumi osayenderedwa. Bambo Gondwe anati sakudana ndi munthu, koma lamulo ndi lamulo. Bambo Nyirongo anavomereza kuti Mayi Chikopa achotsedwe.

Mayi Chikopa anayankha ataimirira. Anati atachoka kwa wodwala anauza Mlembi yekha, monga mwa dongosolo. Anati, "Zaka twente-thuu nasambika bodwala muno mu Matero, sininakambepo na munthu. Manje ngati mwaona kuti ndine wa kamwa, chola chanu icho." Anakhala pansi.

Mlembi anapatsidwa mpata. Anati iye ndiye analemba pa gulu la pa foni dzina la wodwalayo ndi matenda ake, Lachiwiri lomwelo nthawi ya 16:40, kuti mamembala apemphere. Anati mamembala amoyo ndife asanu ndi anayi, choncho kuchotsapo wotumiza, owerenga sayenera kupitirira asanu ndi atatu. Foni ikusonyeza asanu ndi anayi. Wachisanu ndi chinayi ndi malemu Mayi Linda Zgambo, amene tinawaika m'manda pa 9 Malichi, ndipo akuoneka kuti anawerenga nthawi ya 16:52. Mauthenga ena atatu nawonso anawerenga.

Mlembi anakumbutsa komiti kuti pa msonkhano wa Malichi, mutu 6, tinagwirizana tonse kuti nambala ya malemu isachotsedwe pa gulu mpaka chiliza chitamangidwa, chifukwa kuchotsa msanga kukanaoneka ngati kuwathamangitsa. Amene anapereka ganizoli anali Bambo Gondwe. Amene analilemba osafunsa kuti foniyo ipita kwa yani anali Mlembi.

Wapampando analamula kuti nambalayo iimbidwe pomwepo, mawu akumveka kwa onse. Inaitana kanayi. Anayankha ndi mayi, nati, "Halo, ni ine Linda." Mayi Mvula anatuluka panja, ndipo anabwerera patapita mphindi ziwiri.

Zinadziwika kuti woyankhayo ndi mng'ono wa malemu, amene pogawa katundu analowa dzina la mkulu wake ndi kulandira foni, Baibulo ndi nsalu zitatu. Amagulitsa tomato mu msika wa Lilanda, mzere wachitatu kuchokera pa Mayi Chikopa. Sanabise kanthu. Anati poona kuti sanachotsedwe pa gulu, anaganiza kuti walowanso pa mpando wa malemu. Anati, "Nimabapemphelela m'mawa mulimonse na banzanga ku maketi, na maina yao na matenda yao, kuti Mulungu asasokoneze." Atafunsidwa kuti anzakewo ndi angati, anati masiku ena khumi ndi awiri, masiku ena makumi awiri. Wapampando anamuthokoza chifukwa cha mapemphero, namufotokozera lamulo lachitatu. Mayiyo analira, ndipo anapempha kupita nawo kukapepesa kwa wodwalayo.

Bambo Nyirongo anabweza mawu awo. Bambo Gondwe anati foni ndiyo yalakwa. Mayi Chalwe anati foni yachita zimene tinaiuza. Wapampando anafunsa Bambo Gondwe ngati ali ndi mawu kwa Mayi Chikopa. Anati, "Ba Philomena, nalakwa, munikhululukile." Mawu anayi. Mayi Chikopa anati amva, koma anapempha kuti zilembedwe m'buku momveka, chifukwa mawu a pakamwa amaiwalika ndipo nkhani yawo yafika kale ku kwaya.

Choncho zikulembedwa pano: Mayi Philomena Chikopa sanaulule za wodwala aliyense. Dandaulo lathetsedwa ndi mavoti asanu ndi limodzi, wotsutsa palibe, mwini nkhani sanavote.

6. Zogwirizana

(a) Dzina la wodwala ndi matenda ake sizidzalembedwanso pa foni. Pa foni pazipita nambala yokha, maina azikhala m'buku la Mlembi.
(b) Membala akamwalira, nambala yake ichotsedwe katundu asanagawidwe. Dzina lake lizikhala pa tsamba loyamba la buku ndipo liziwerengedwa pa msonkhano wa Disembala.
(c) Gulu lisamukire ku apu yabuluu yotseguka ija pofika pa 30 Seputembala, mauthenga azifufutika okha pakatha masiku asanu ndi awiri. Ovomereza asanu, wotsutsa mmodzi, Bambo Nyirongo, amene anati foni yawo yadzaza. Mayi Chalwe anawakumbutsa kuti yangochotsedwa ma apu asanu ndi limodzi. Mayi Mvula sanakweze dzanja mbali iliyonse.
(d) Mlembi aziwerenga manambala a pa gulu pa msonkhano uliwonse.
(e) Lolemba nthawi ya 10:00 Wapampando, Mlembi, Bambo Gondwe ndi mng'ono wa malemu apite kukapepesa kwa wodwala nambala 4. Mlembi ndiye ayambe kulankhula. Chikalata choyeretsa dzina la Mayi Chikopa chiwerengedwe mawa ku kwaya ndi Bambo Gondwe.

7. Zina ndi zina

Mayi Mvula anafunsa ngati kuchotsa nambala ya malemu kumafuna pemphero. Wapampando anati sikufuna, koma sikuletsedwa. Mayi Chalwe anadzipereka kuti achotse ndiwo. Wapampando anakana, nati komiti ino anaiyambitsa awiri ndi malemu mu 2001, ndipo achotsa okha. Anagwira foni mphindi imodzi ndi theka asanadine. Mlembi anawerenga manambala otsala. Ndi asanu ndi anayi, chimodzimodzi ndi m'buku.

8. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Tidzakumananso Loweruka pa 12 Okutobala 2024, malo omwewa, nthawi ya 14:00, ndipo kiyi atengedwe Lachisanu. Wapampando anapempha Mayi Chikopa kuti atseke ndi pemphero. Anapempherera wodwala nambala 4 osamutchula dzina. Msonkhano unatha nthawi ya 16:31. Potuluka Mayi Chikopa anatenga chikwama patebulo, nafunsa Mlembi kuti ulendo wawo wa Lachiwiri ndi nthawi yanji. Ndi 09:00.

Wapampando: Towera Kachingwe ........................

Mlembi: Virginia Msiska ........................