Mendulo ya Deok-gil Pachifuwa Panga

3 Ogasiti 1953

Chipatala cha asilikali. Nkhondo ati inatha sabata yatha. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja lili m'mabandeji, likununkha. Nkhope sindinaione, galasi akundibisira.

Masana kwabwera kalaliki wa gulu lathu, nsapato mbee. Akuti: "Sajeni Tak, mwapatsidwa mendulo. Mwambo pa 15." Ndafunsa za Pyo Deok-gil, dalaivala wa kasinja wathu. Wayang'ana pansi, wapita.

5 Ogasiti

Ndawerenga pepala la mendulolo. Bodza lokhalokha. Ati ine, woombera mzinga, ndinapitiriza kuombera kasinja akuyaka, kenako ndinatulutsa mnzanga wovulala. Ine? Ine amene ndinali gone m'katimo, tsitsi likupsa?

Zoona ndi izi, ndilembe zisanandisokonekere. Bomba linatimenya m'mbali, pachitunda chija. Deok-gil anatuluka woyamba, alibe ndi bala lomwe. Akanatha kupita. Anakweranso pachitsulo chamoto n'kundikoka ndi lamba. Ndikukumbukira mawu ake: "Achimwene, mumadya chiyani kodi? Kulemera ngati nkhumba!" Anandigoneka m'ngalande. Anabwereranso kukatenga Ok Jae-pil, wolonga zipolopolo, miyendo yonse itathyoka. Atatigoneka awirife anathamangira kumunsi kukaitana a machira. Chipolopolo chinamupeza kumsana.

Kumsana, kumunsi kwa phiri. Basi, Kaputeni Seok, mkulu wa gulu lathu, n'kulemba kuti amathawa.

8 Ogasiti

Kaputeni wabwera yekha, ndi chitini cha mapichesi. Ndamuuza zonse. Wamwetulira: "Unali chikomokere, Tak. Unaona chiyani?" Ndati Jae-pil anaona. Akuti Jae-pil anamwalira Lachinayi kuchipatala china. Kenako chapansipansi: "Lipoti linapita kale kwa akuluakulu. Ukufuna ndioneke wabodza?"

Iyeyo tsiku lija anali kuti? M'dzenje, ndi wailesi yake, kumbuyo kwenikweni. Chitini ndachimenyetsa pakhoma. Namwino wandikalipira, kenako watola mapichesi n'kugawira odwala ena.

15 Ogasiti

Malipenga, mbendera, wojambula zithunzi. Anditembenuza kuti mbali yopsa isaoneke. Mkulu wina wa nyenyezi paphewa wandikoleka mendulo pamalaya a chipatala. Ndati: "Bwana, iyi ndi ya Pyo Deok-gil." Milomo yangayi siikumana, mawu amatuluka ngati phala. Wandisisita paphewa: "Inde, inde, dziko likukunyadira." Wapita pabedi lina.

Anthu aomba m'manja. Ndikanakhala ndi manja awiri ndikanamugwira pakhosi.

2 Seputembala

Ndatumiza makalata atatu kulikulu la asilikali. Zii. Wa pabedi loyandikana nane akuti: "Vala chitsulocho, m'bale, atsikana aziyang'ana pachifuwa osati kumaso." Sindinamuyankhule masiku awiri.

Galasi ndaliona. Zimenezo tizisiye.

9 Okutobala

Anditulutsa dzana. Kwathu sindinapite. Sitima, lole, kenako wapansi mpaka kumudzi kwa Deok-gil, kuseri kwa tauni ya Sangju. Nditafunsa nyumba, bambo wina walavula pansi: "Kwa wothawa uja?"

Amayi ake ndawapeza akuyanika tsabola pamkeka. Ochepa thupi, ngati iye yemwe. Ndagwada, ndanena zonse, ndaika mendulo patsogolo pawo. Sanaikhudze. Akuti: "Ichi chikauza ndani, mwanangu? Pakamwa muli napo ndinu. Mawa n'tsiku la msika."

Bambo ake sanatuluke m'chipinda. Chifikireni kalata yonena kuti anathawa, ati dzina la mwana sanalitchulepo, ndipo kumsika anasiya kupita.

Andipatsa mpunga wa balere ndi kimchi, kabichi wowawasa wa tsabola. Ndadya ndikuganiza zokayankhula pamsikapo. Pachitunda paja sindinaope chonchi. Anthu akaseka nkhopeyi.

10 Okutobala

Msika. Ndakwera pangolo ya wogulitsa miphika. Aseka, inde. Mayi wina waphimba maso. Ndayamba, mawu osamveka, malovu chuchuchu. Wina wakuwa: "Waledzera m'mawa uno uyu!" Magazi andiwira. Ndamasula bandeji ndi mano, ndakweza dzanja m'mwamba kuti alione bwino. Kuseka kwatha. Ndiye ndanena: moto, lamba, ngalande, Jae-pil, machira. Dzina la Kaputeni Seok ndalitchula katatu.

Nditatsika, nkhalamba ya chipewa chakuda yandigwira mkono. Bambo a Deok-gil. Sindinadziwe kuti ananditsatira. Maso ouma gwa. Akuti: "Bwerezani. Mokweza. Aja a kumsika wa ng'ombe sanamve."

Ndabwereza. Kwa a ng'ombe, kwa a nsomba zouma, pakhomo la mowa. Iwo ali chiimire pambali panga, akukoka malaya aliyense wodutsa: "Imani mumve. Akunena Deok-gil, mwana wanga wachiwiri." Bambo wolavula uja anali pomwepo. Wamva mpaka pamapeto, chipewa chili m'manja. Sindinamukhululukire.

Kulikulu pepala likadali lomwelo. Seok akadali kaputeni.

Pakhosi pauma, mawu atha. Mawa ati kuli msika wina kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa maola atatu. Nsapato zanga zang'ambika, ndiye andibwereka za malemu. Zikundithina. Ndipita.