Mizere Iwiri ya pa Mtanda wa Ababa

Torino, pa 9 Malichi

Okondedwa achimwene anga a Toader,

Landirani moni wanga nonse kumudziko. Kodi muli bwanji inu ndi alamu anga? Nanga amayi, chifuwa chija chinatha, kapena akungobisa monga mwa chizolowezi chawo? Ine kuno thupi lili bwino koma mtima suli m'malo, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pa foni inu mumangoti zonse zili bwino, kenako n'kuyamba kundiuza za nkhosa zimene zaswa. Kalatayi ndaipereka kwa dalaivala wa minibasi ya Lachisanu, pamodzi ndi khofi komanso mankhwala a mawondo a amayi.

Ntchito ndi yomwe ija. Agogo a Assunta amene ndimawasamalira satha kudzuka okha tsopano, ndiye ndimawanyamula kasanu pa tsiku ndipo msana wayamba kundivuta. Masiku ena amandiitana dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale, ine n'kumangovomera. Ana awo amabwera Lamlungu masana basi, ndipo ndi pamene ndimapumako maola anayi.

Nkhani yanga ndi ya mtanda wa pamanda a ababa. Munandiuza kuti mmisiri a Gavrila akufuna mawu mwezi uno usanathe, kuti aseme ndi kupaka utoto mwambo wokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni ababa usanafike mu Meyi, ndipo tikachedwa alemba za m'mutu mwawo. Paja ndinachita kukuchondererani kuti ndakatulo yolemba pamtandapo mundisiyire ine. Kumaliro sindinabwere, dothi sindinaponye, ndiye ndinkati chimodzi chokhachi chikhale changa. Papita miyezi iwiri, achimwene, ndipo ndilibe choti ndikutumizireni.

Kuno tili ndi kagulu ka anthu akwathu okonda zolembalemba. Timakumana m'chipinda chapansi pa tchalitchi chathu, anthu khumi ndi awiri, ambiri olera nkhalamba ngati ine, ena omanga nyumba. Lamulo lake n'lakuti ukawerenga zako uzikhala chete, osadziikira kumbuyo, mpaka aliyense atanena maganizo ake. Wotitsogolera ndi a Nichifor. Kwathuko anali mphunzitsi wa sekondale, kuno amaika matailosi m'mabafa a eni. Ndi munthu wamfupi, pensulo siichoka kukhutu, ndipo pakamwa pake palibe chisoni.

Mwezi watha ndinawawerengera zimene ndinali nditalemba. Mukudziwa kuti kwathu wolankhula pamtanda ndi womwalirayo, ndiye ndinayamba motere:

Ndinali bambo wabwino ndi wachikondi,
wolimbika ntchito, wokondedwa ndi onse,
tsopano ndikupumula pakati pa angelo.

Nditamaliza, a Nichifor anatenga pepalalo n'kutseka dzina la ababa ndi chala chachikulu. Anati, "Mayi Dochia, dzina ndabisa. Tsopano tikaikhome ndakatuloyi pamanda a amalume anga aja ankaba nkhuku mudzi wonse. Alipo angadandaule? Ikuwakwana bwinobwino ngati chipewa cha pamsika." Anthu anaseka.

Kenako anayamba kuyenda ndi pensulo liwu ndi liwu. Akafika pa liwu ngati wabwino ankandifunsa kuti ubwinowo ndinauona ndi maso anga tsiku liti, ababa akuchita chiyani. Anati mawu otere timawagwiritsa ntchito tikachita ulesi kukumbukira munthu. Pa mizere khumi ndi iwiri anasiya umodzi wokha, umene ine ndinkauona ngati wachabechabe, wonena kuti ababa ankanola chikwakwa atakhala pachitsa kuseri kwa khola. Anati pamenepo pokha ndi pamene amva kuti panali munthu.

Ndinatukwana chamumtima njira yonse yobwerera kunyumba, ndipo ndinalumbira kuti sindidzapondanso kumeneko. Koma munthuyo ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Milungu iwiri ndinakhala ndikulemba ndi kufufuta, pepala lili pa thebulo la kukhitchini pambali pa mapiritsi a agogo. Pamene ndinalemba kuti ankakonda ziweto ndinasintha n'kuti sankadya hatchi yawo Sura isanadye. Pamene ndinati anali wopemphera ndinalemba kuti m'tchalitchi ankangogwedeza milomo chifukwa nyimbo sankazidziwa. Ndinaikamo chala chija chinadulidwa ndi sowo, ndi botolo la kachasu wa zipatso za maplamu limene ankabisa m'udzu wa ng'ombe poganiza kuti amayi sakudziwa. Inunso mulimo, tsiku lija munawabereka kuchokera kunkhalango atathyoka mwendo. Polemba zimenezi ndinkaseka ndekha, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kwathu ndinkawaona ababa bwinobwino.

Pomaliza ndinaika mizere iwiri iyi:

Mwana wanga wamkazi anapita kutali,
ndinamukhululukira ndisanatseke maso.

Lamlungu lapitali ndinakawerenganso. Smaranda, mnzanga amene amasamalira nkhalamba ya m'nyumba yoyandikana ndi yathu, ankapukuta misozi. A Nichifor anati mizere khumi yoyambayo asaikhudze munthu, ngakhale iwo alibe pogwira. Ndinayamba kupuma bwino. Kenako anandifunsa kuti ndani anamva ababa akunena za kukhululukazo. Ndinawakumbutsa kuti wolemba saloledwa kuyankha, koma anati lero lokha lamulo alichotsa. Ndinayankha kuti palibe.

A Nichifor anati, "Ndiyetu apa si bambo anu akulankhula. Ndi inuyo mwavala jekete lawo. Mizere khumi ndi yawo, iwiriyi mwadzilembera nokha kuti mtima ukhale pansi."

Smaranda anadzuka n'kuwalalatira. "Inu a Nichifor, kodi m'chifuwamo munaikamonso tailosi? Musiyeni mwana wa eni! Ndani akamufunse wakufa?"

Iwo sanakweze mawu. Anati wakufa sadzafunsidwa, koma mudzi wonse udzawerenga, ndipo amene anali pambali pa bedi akudziwa zimene zinanenedwa ndi zimene sizinanenedwe. Anati mtanda wa mtengo wolimba umakhala zaka makumi asanu, ndipo zaka zonsezo ine ndizidzadutsa pamenepo ndikudziwa kuti ndinawaikira bambo anga mawu m'kamwa atalephera kudziyankhira.

Achimwene, mukudziwa mmene ndinachokera. Munalipo pachipata pamene ababa ananena kuti ndikakwera basi imeneyo atsala ndi mwana mmodzi. Zaka zisanu ndi zinayi, ndikaimba foni iwo n'kuyankha, akangomva mawu anga ankapereka kwa amayi osanena kanthu. Ndinkadziuza kuti chaka chamawa ndipita tikakambirane, ndipo chaka chamawacho sichinafike.

Chiyambire Lamlungu chakudya sichikulowa. Dzulo ndinaiwala poto pamoto mpaka agogo anachita kukuwa. Ndayesa kuichotsa mizere iwiriyo, ndipo ndakatulo imaima bwinobwino popanda iyo, koma ndikaiwerenga ndimalira. Hatchi ilimo, chikwakwa chilimo, botolo lilimo, inu mulimo, ine mulibe. Ndikaibwezera ndimachita manyazi ngati ndaba. Ndayesa mawu ena, kuti ndinamudikira, kuti ndinamukumbukira, koma lililonse ndikalifunsa funso la a Nichifor lija limagwa. Sindikudziwa kanthu, achimwene. Sindinalipo.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Inu munakhala nawo m'chipinda masiku atatu omaliza. Ndilembereni zimene ananena za ine, mawu awo enieniwo, mmene anatulukira pakamwa pawo. Musawakonze, musawathire shuga. Ndikukudziwani, mumaopa kukhumudwitsa munthu, koma ulendo uno chifundo chanu chindipweteka. Amayi musawafunse, chifukwa iwo andipangira mawu okoma kuti ndisalire. Ngati anandinyoza, lembani chinyozocho, ndidzaona ndekha ngati chingakhale pamtanda. Ngati anangofunsa kuti kodi uja akudya bwino kumeneko, zimenezo zikundikwanira, ndipo ndidzalemba zomwezo osawonjezera liwu. Ngati dzina langa sanalitchule n'komwe, lembani liwu limodzi loti palibe. Mukatero ndidzakutumizirani mizere khumi yokha, a Gavrila aseme imeneyo, m'munsimo asiye mtengo wosalemba.

Chonde yankho mumupatse dalaivala yemweyu pobwerera, ndipo a Gavrila muwapemphe andidikire mpaka pa 28. Musaimbe foni. Ndikufuna ndione pa pepala ndi dzanja lanu, chifukwa pakamwa mudzandizembera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwalawo azipaka kawiri pa tsiku, asasunge kudikira kuti mawondo afike poipa. Moni kwa alamu anga a Floarea, kwa ana anu Ilinca ndi Onisim, ndi kwa azakhali a Todora. Mukapita kumanda Lamlungu mukayatse kandulo yanu monga mwa nthawi zonse, koma moni wanga kwa ababa musapereke kaye, mpaka nditadziwa ngati angaulandire.

Ndine mlongo wanu,
Dochia