Mapazi Anga, Mlandu wa Mayi a Chisankho

Lolemba, 10 Marichi
Sabata yachitatu ndikumwa timapilisi ta BP mobisa. Amulodipini, kamodzi patsiku. Timakhala m'bokosi la zida kushedi. Ine Lucious, wowotcherera mageti a theka la Area 25, amene malungo akandiona amathawira ku Nsungwi, ndimveke kuti ndikudwala? Zosatheka. Ngakhale akazi anga, mayi a Chisankho, sakudziwa.

Lachinayi, 13 Marichi
Mapazi atupa ngati mabanzi. Jombo zakana. Kuntchito ndi patapata, moto wa wedingi ukundilasa zala. Geoffrey wamatabwa akuti ndikuyenda ngati bakha. Ndamuuza kuti ndi mphamvu zasowa malo, zatsikira pansi.

Lamulungu, 16 Marichi
Achemwali anga a Maness abwera kuchokera ku Mgona. Adina phazi ndi chala, dzenje latsala. Akuti ndi tsempho, mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kukuthirira mchere m'ndiwo umatupa chonchi. Ndaseka mpaka misozi. Mayi a Chisankho sanaseke.

Lachitatu, 19 Marichi
Kuchipatala. Anesi akuti ndi mapilisiwo, ambiri amatupa nawo. Ndisasiye ndekha, Lolemba adokotala aona zondisinthira. Zazing'ono.
Kunyumba ndiye ayi. Ndiwo zopanda mchere, mcherewo pambali m'kambale, munthu osandiyang'ana. Akafika pampopi azimayi akumangoti zii. Zaka 19 m'banja, sanandichititsepo manyazi. Pakamwa pangapa pamasokosa kuposa galayindala yodulira zitsulo, koma lero pakanika mawu atatu okha: ndili ndi BP.

Loweruka, 22 Marichi
Achemwali aitana ankhoswe mawa, osandifunsa. Banja langa! Kuseri kwa chitseko ndapeza chikwama cholongedza kale. Mayi a Chisankho angoti, "Ngati mukufuna ndizipita kwathu ku Mitundu, nenani ndi pakamwa panu, osatuma achemwali anu."
Ndathamangira kushedi, mapazi omwewa. Mapilisi ndatenga, buku la kuchipatala lomwe. Mawa ndikayala zonse pamphasa, ankhoswe awerenge okha, achemwali awerengerenso kawiri. Iseke Area 25 yonse, ndilibe nazo. Ndipo akafunsa ndiwauza: BP yanga kuno kulibe woifika, anesi anayeza katatu mpaka kuitana anzawo.
Koma ankhoswe asakhale oyamba kumva. Eni ake, mayi a Chisankho, akuchapa kuseriku. Mtima ukugunda ngati ndikukafunsira. Ndiyamba bwanji kaya, ndingowapatsa bukuli m'manja, kenako... Basi, ndikupita kuseriko.